Bulangete la Injini la a Barnaba

A Barnaba amwalira Lachiwiri, ndipo anthu akhala akubwera pakhomo panga mmodzimmodzi kudzandiuza ngati kuti ine ndilibe makutu. Belu la kutchalitchi ndinalimva ndekha. Amayi anzanga anatuma munthu kawiri kuti ndikathandize kuimba kusiwa, poti nyimbo zakale za maliro ndine ndatsala nazo pamtima. Ndinayankha kuti pakhosi panga sipali bwino. Pakhosi pali bwinobwino. Mkuluyu ndinkadana nawo, ndipo imfa yawo sinandisinthe maganizo. Tsono poti mudzi wonse uli kalikiliki kuwayamikira, ndati nane ndinenepo zomwe ndikudziwa.

Anali malume a malemu mwamuna wanga Fanuelo, choncho kwa ine anali apongozi. Ndinkagwada powapatsa madzi, ndinkapatuka tikakumana panjira, zonse zoyenera ndinachita. Mudzi wathu uli m'mbali mwa nyanja pakati pa Msumba ndi Kobwe, ndipo mwamuna aliyense kuno amakula ndi nkhafi m'manja, kupatula iwo. Ankati kupalasa bwato ndi ntchito ya anthu amene mitu yawo inakana kuphunzira, ndipo ankanena zimenezi akutafuna chambo chimene anthu omwewo awapatsa. Anali aafupi, a khosi lonenepa, ndi chipsera cha moto kuyambira pachigongono cha dzanja lamanzere mpaka kuzala. Moni sankayamba ndi iwo. Ukawapatsa moni ankayamba apukuta manja ndi kansanza kamene kankakhala m'thumba lakumbuyo, ngakhale asanagwire chilichonse, kenaka n'kuyankha akuyang'ana kwina. Ankafuna tiziwatchula kuti a Motorista, dzina la ntchito yawo yoyendetsa galimoto, ndipo ukangoti a Barnaba ankakhala ngati sanamve.

Galimoto yake inali jipe yobiriwira ya mzungu wina wogula nsomba zouma, amene a Barnaba ankamuyendetsa kukwera mapiri kupita ku Lichinga kuyambira ali mnyamata. Nthawi ya ufulu mzunguyo pothawa anawasiyira makiyi n'kuwauza kuti asunge galimoto mpaka adzabwere. Anthu ena anasiyiridwa zinthu ndi mawu omwewo, ndipo pasanathe mwezi anali atazisandutsa zawo. A Barnaba okha ndi amene mawuwo anawatenga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Patarau, ndimo ankamutchulira bwana wawoyo, sanalembepo ngakhale kalata imodzi, koma jipe yake inkatsukidwa kuposa mmene ankasambira ana a m'nyumba mwawo. Mwana akaigwira ndi manja a mango, ankaitanitsa mayi wake kuti adzatsuke pamalopo anthu akuona. Ine ndinatsukapo kawiri.

Chimene ankachikonda kuposa galimoto yonse chinali kunsi kwa boneti, chivindikiro cha injini chija iwo ankachitcha kapo. Ukatsegula, kumimba kwake kunali chinsalu chokhuthala ngati chikhatho, chakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri, chogwidwa ndi timabatani ta pulasitiki. Ife tinkangoti bulangete la injini. Munthu ukalakwitsa n'kufunsa kuti chimenechi n'chachiyani, tsiku lako latha. Ankayamba ndi phokoso, kuti injini ya dizilo ndi yolongolola ndipo bulangete ndi limene limaitseka pakamwa. Kenaka ankakugwiritsa dzanja pamwamba pa boneti galimoto itangoima kuti umve wekha kuti sipakuotcha, n'kukuuza kuti popanda bulangetelo penti ikanasupuka kalekale. Ankatinso kumapiri kumazizira, ndipo injini yofunda siivuta kulira m'mawa. Za moto ankasungira kumapeto. Pamenepo ankapinda malaya kuonetsa chipsera chija, n'kufotokoza mmene paipi ya mafuta inaphulikira tsiku lina ali pamtunda, moto n'kubuka, timabatani n'kusungunuka, bulangete n'kugwera pa injini n'kuuphimba motowo. Patarau atagula bulangete latsopano, akuti anawauza kuti asadzalole munthu aliyense kulichotsa. Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuiimba.

Sikuti onse ankavomereza. Fanuelo anandiuza za tsiku lina ku Metangula, atawaperekeza kukafuna lamba wa injini kwa makaniko wina wa asilikali a panyanja. Makanikoyo atatsegula boneti anaseka, n'kunena m'Chipwitikizi kuti chinsanza chimenechi achichotse. Anati chalendewera, chamwa oyilo mpaka kukhuta, ndipo chinthu chonona chotere chikhoza kuyambitsa moto womwe akuti chimazimitsawo. Anawonjeza kuti makoswe amamangamo zisa n'kumadya mawaya, komanso kuti kuno kunyanja kumatentha kale, injini imafuna mpweya osati chofunda. Fanuelo ankati mfundo za munthuyo zinali zomveka ndithu. A Barnaba anangomenyetsa boneti, zala za makaniko zinapulumuka mwamwayi, ndipo anabwerera kumudzi opanda lamba amene anapitira. Anayenda miyezi itatu ndi lamba wosoka ndi ulusi wa ukonde, ndipo dzina la makanikoyo sankafuna kulimva.

Ndisawanamizire, pali china chimene anachita. Nkhondo itangoyamba kufika kwathu, msewu usanatsekeke, jipe ija ndi imene inkanyamula odwala kupita nawo ku Metangula. Lole ina yaphokoso inatenthedwa pamsewu womwewo chifukwa anthu a m'tchire, oukira boma aja, anaimva ikadali kutali n'kuibisalira. Jipe inkadutsa mwakachetechete, ndipo a Barnaba ankati ndi ntchito ya bulangete. Mwina zinali zoona. Nanenso anandinyamulapo nditadwala ndili ndi pakati pa mwana wanga Luwiza. Anandigoneka kumbuyo pa masaka awiri kuti ndisadetse galimoto ya patarau, ndipo njira yonse ankatembenuka, osati kuona ngati ndikupuma, koma kuona ngati masaka sanasunthe.

Kenaka dizilo anatha, msewu unadzaza mabomba okwirira, ndipo jipe inaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Anaikweza pamiyala kuti matayala asaphwe. Inakhala pamenepo zaka ziwiri ndi miyezi, koma m'mawa uliwonse a Motorista ankatsegula boneti, kugogoda bulangete ndi kamtengo kuti makoswe atuluke, n'kumanganso ndi waya pamene palendewera. Nthawi imeneyo n'kuti nsalu itasowa m'dera lonse. Amayi tinkavala masaka, ena anabwerera ku chiwondo, makungwa a mtengo osulidwa aja ankavala agogo athu, ndipo ana ankagona m'phulusa kuti afunde. M'mudzi wonse chinthu chokhacho chimene chinali ndi chofunda chabwino chinali injini yosayenda.

Tsiku limene ndimawadera linafika m'nyengo ya mwera. Anthu anayamba kutsika kumapiri ndi akatundu pamutu, akunena kuti midzi yakumtunda yatenthedwa ndipo a m'tchire akulowera kunyanja. Aliyense wokhala ndi bwato anayamba kuwolotsa banja lake kupita ku Likoma. Ife bwato tinalibe. Tinali ndi boti lalikulu la matabwa limene Fanuelo anakhoma yekha, koma linali litakhala pamchenga chaka chathunthu chifukwa chosowa kalafati. Kalafati ndi thonje kapena nsalu yonyikidwa m'mafuta imene amaikhomerera m'mipata ya matabwa kuti madzi asalowe. Popanda zimenezo boti ndi dengu. Fanuelo anayesa chiwondo ndi luzi, n'kulikankhira m'madzi, koma mizere iwiri yapansi ya mipatayo inkangolowetsa madzi. Atakhala pamchenga kwa kanthawi atagwira mutu, anakumbukira bulangete lija. Anati ndi lokhuthala, lamwa kale oyilo, ndipo akalidula timizeremizere likhoza kugwira kuposa thonje. Ananyamuka kupita kwa amalume ake, ine n'kumutsatira ndi Luwiza kumsana.

Tinawapeza pansi pa mango, boneti ili yasa. Fanuelo anakhala pansi, n'kuomba m'manja monga mwa ulemu.

"Amalume, ndabwera kudzapempha bulangete la mu kapo. Mizere iwiri yokha yapansi ndi imene ikundivuta."

"Ndiye injini igone maliseche?"

"Injini siikuyenda, amalume. Dizilo kulibe, msewu kulibe. M'botimo mukwera anthu, mukweranso inu nomwe."

"Ine sindikwera. Patarau anandisiyira galimoto yathunthu, adzaipeza yathunthu."

Kenaka anayamba ulaliki wawo uja, phokoso, penti, kuzizira kwa kumapiri, ngati kuti tabwera kudzaphunzira. Fanuelo anamvetsera mpaka pa chipsera. Anafunsa ngati pangakhale china m'galimotomo, koma iye yemwe ankadziwa kuti siponji ya m'mipando imamwa madzi ndipo singathandize. Ine mtima unandipsa, ndipo ndinachita chimene mkazi sachita kwa apongozi ake. Ndinayankhula ndili chiimire.

"Apongozi, moto wake uti pa galimoto yoti ili pamiyala? Mwana uyu ndi mdzukulu wanu."

Sanandiyang'ane. Anauza Fanuelo kuti akaphunzitse mkazi wake mwambo, kenaka anatseka boneti, n'kukolekapo loko, n'kukhala patsogolo pake ndi sipanala yaikulu ya matayala pamiyendo. Pobwerera ndinamuuza Fanuelo kuti atenge amuna awiri akamugwire mkuluyo manja, athyole loko. Fanuelo anali munthu wofatsa mopusitsa. Anati malume sagwidwa, ndipo munthu amene waika dzanja pa mlongo wa mayi ake sangakwere pamadzi tsiku lotsatira. Ndinamutukwana, ndipo amenewo ndi ena mwa mawu omaliza amene ndinamuyankhula bwinobwino.

Masana onse tinang'amba chimene chinalipo. Chitenje changa chomaliza, malaya a Fanuelo, kansalu koberekera mwana, zonse zinalowa m'mipata, ndipo pamene panatsala anakhomererapo chiwondo chomwe chija. Tinanyamuka m'mamawa kutangoyera, boti litadzaza ndi abale ndi anansi amene analibe pokwera. Sindinawawerenge. Poyamba madzi ankalowa pang'onopang'ono, ndipo amayi awiri ankakwanitsa kukapa ndi miphika. Titafika pakati, dzuwa litakwera, mwera unayamba. Boti likamenya funde matabwa ankasuntha, ndipo ndinaona ndi maso anga chiwondo chikutuluka mumzere ngati chingwe chovunda. Madzi anafika m'akakolo, kenaka m'mawondo mwa ana. Tinataya mitolo, chinangwa, mtondo wa mayi wina, chilichonse cholemera. Sizinakwane. Fanuelo ndi amuna ena awiri anamanga zingwe m'mbali mwa boti n'kutsikira m'madzi kuti lipepuke, azisambira atagwira zingwezo. Asodzi amachita zimenezi, ndipo Fanuelo anali katswiri wosambira. Chilumba chinali chikuoneka bwino, ndi milambe yake yomwe.

Ine ndinali nditawerama ndikukapa, Luwiza ali pakati pa miyendo yanga. Sindinadzutse mutu mpaka pamene boti linakhudza mchenga. Amuna awiri aja anatuluka m'madzi akunjenjemera. Chingwe cha Fanuelo chinali chikungoyandama. Palibe anaona nthawi imene anachisiya, ndipo thupi lake silinapezeke. Mpaka lero chimandiwawa n'chakuti anamira pafupi nane chonchi, ine maso ali pa mphika.

Zimene zinachitika kumudzi tinazimva kwa amene anawoloka pambuyo pathu. A m'tchire anafika patapita masiku atatu, anatentha nyumba, n'kuunjika udzu wa padenga m'jipe muja n'kuyatsa. A Barnaba, munthu wonyoza madzi uja, anapulumukira m'bango, atamira mpaka m'khosi tsiku lonse. Uthenga wa imfa ya Fanuelo unawapeza, koma ku Likoma sikunabwere mawu alionse ochokera kwa iwo, ngakhale pepani wapakamwa. Ndinkadziuza kuti mwina ndi manyazi. Zaka zonse zimene tinakhala kuchilumba ndinkaganiza kuti mkuluyo akudzidya mumtima, ndipo pena ndinkawamvera ndi chisoni chomwe. Kupusa kwanga.

Nkhondo itatha tinabwerera. Ndisanamange ngakhale msasa, a Barnaba anatuma munthu kudzandiitana. Ndinapita ndikuganiza kuti tsopano akufuna kupepesa, ndipo m'njira ndinali ndikukonza mawu owakhululukira. Ndinawapeza pa mango paja. Jipe inali chigoba chofiira ndi dzimbiri, yopanda matayala, yopanda mipando, magalasi atasungunuka. Anakweza chotsala cha boneti n'kundilozera. Timabatani tinasungunuka monga ankanenera, bulangete linagwera pa injini, ndipo injiniyo inali yosapsa. Nkhope yawo inali ikuwala.

"Mayi a Luwiza, mwaona? Ndinkanena ine. Likanachoka lija, bwenzi injini iyi ili phulusa."

"Nanga Fanuelo, apongozi?"

"Fanuelo anachulutsa anthu m'boti."

Anatulutsa kansanza kaja n'kuyamba kupukuta manja. Kuyambira tsiku limenelo sindinawagwadirenso, sindinawapatsenso moni, ndipo tikakumana panjira iwo ndi amene ankapatuka.

Patarau sanabwere, ndipo galimoto yoti idzapezeke yathunthu ija a Barnaba anaiphwasula ndi manja awo. Anachotsa injini, anaikhazika pa simenti m'kanyumba ka malata pafupi ndi msewu, anailumikiza ndi lamba, n'kukhala chigayo choyamba m'mudzi mwathu. N'chimene anthu akuwatamandira lero, kuti anapumitsa amayi kusinja. Ansembe akuti anenanso zomwezo pa maliro. Ine chinangwa changa sichinalowepo m'chigayo chimenecho. Ndasinja mumtondo zaka zonsezi mpaka mapewa anauma, ndipo Luwiza ankadziwa kuti ufa wochokera kumeneko sulowa m'nyumba mwanga. Anthu ankati ndine wamakani. Inde, ndine wamakani, ndinaphunzira kwa katswiri.

Chimene chinkandiseketsa mowawa n'chakuti m'chigayomo injini inkagwira ntchito ili maliseche omwe aja ankawakana. Panalibe boneti, panalibe chofunda, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka kugombe kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Ansembe anadandaulapo kuti likusokoneza mapemphero a pakati pa sabata, aphunzitsi anadandaula, odwala anadandaula. A Barnaba ankati amene sakufuna phokoso akasinje. Ankakhala pakampando pambali pa injiniyo tsiku lonse, ufa uli mbuu m'nsidze, mpaka makutu awo anagontha. Zaka zawo zomaliza ankangoyankhula okha mokuwa, osamva yankho la munthu, ndipo kunena zoona sizinasiyane kwenikweni ndi kale. Aliyense wobwera kudzagayitsa koyamba ankamuonetsa bulangete lopsa lija, limene analikhomera pakhoma, n'kumufotokozera mmene linapulumutsira injini. Dzina la Fanuelo silinkatchulidwa m'nkhaniyo.

Dzulo, anthu onse ali kumanda, ndinapita kuchigayoko koyamba m'moyo wanga. Chitseko chinali chomangidwa ndi kachingwe chabe. M'katimo munali zii, fungo la dizilo ndi chinangwa chowawasa. Injini ija ndi yaing'ono kuposa mmene ndinkaiganizira poimva kulira, kachinthu kakuda kodzaza mawaya omangirira, kozizira. Pansi ponse pali ufa, kupatula pamene pankaponda mapazi a mkuluyo patsogolo pa kampando, pomwe simenti inachita kusalala. Kampandoko kanapendekera mbali ya injini, ndipo palibe amene wakasuntha.

Bulangete lili pakhoma, pamisomali inayi. Lapsa m'mbali ndipo pakona imodzi makoswe anadya, koma pakati ponse ndi lolimba, likadali lonona ukaligwira. Ndinakhala zaka zambiri ndi mmisiri wa maboti, kutalika kwa mizere yapansi ya boti lija ndimakudziwa. Ndinaliyeza ndi chikhatho m'litali ndi m'lifupi, n'kuwerenga timizere timene likanatuluka, kenaka ndinayezanso kachiwiri kuopa kuti ndawanamizira akufa. Likanakwana mizere yonse iwiri, n'kutsalako lina loti afunditse injini yawoyo.